Dzina ndi Kachisi: Nthano Ziwiri za Korea pa Nthawi ya Utsamunda wa Japan

Olemba mbiri amatiuza kuti pakati pa 11 February ndi 10 August m'chaka cha 1940, mabanja pafupifupi 80 mwa mabanja 100 alionse a ku Korea anakalembetsa ku boma maina a mtundu wa Chijapani. Chiwerengero chimenechi n'choona, koma sichitiuza amene anapita mokondwa ndi amene anapita misozi ili m'maso. Sichisiyanitsa munthu wofuna ukulu ndi bambo woopa kuti mwana wake amuchotsa pasukulu. Pamene chiwerengero chalekezera m'pamene wolemba nthano amayambira. M'nkhani ino ndifuna kusanthula mabuku awiri amene ayesa kulowa m'mitima ya anthu a nthawi imeneyo: Lost Names, limene Richard E. Kim anatulutsa m'chaka cha 1970, ndi Pachinko, limene Min Jin Lee anatulutsa m'chaka cha 1917 kuonjezapo zaka 100, ndiye kuti 2017. Onse awiri analembedwa m'Chingerezi ndi anthu obadwira ku Korea amene anakakhala ku America. Funso langa ndi limodzi: kodi mabukuwa akutiphunzitsa chiyani za munthu amene wagonja ndi thupi, mtima wake ukukana?

Zimene zinachitika

Dziko la Japan linayamba kuyang'anira Korea m'chaka cha 1905, ndipo linalanda dzikolo kwathunthu mu August 1910. Pa 1 March 1919 anthu anadzuka m'mizinda ndi m'midzi kufuna ufulu wawo mwamtendere, koma asilikali anawayankha ndi mfuti ndi ndende. Zinthu zinafika poipitsitsa pa nthawi ya Bwanamkubwa Minami Jiro, amene analamulira kuyambira 1936 mpaka 1942. Cholinga chake chinali chakuti Japan ndi Korea zisanduke thupi limodzi, ndipo tanthauzo lake linali lakuti Mkoreya aleke kukhala Mkoreya. Ana a sukulu ankalumbira tsiku ndi tsiku kuti ndi anthu a Mfumu ya Japan. Chikoreya chinachotsedwa pang'onopang'ono m'makalasi. Nyuzi ziwiri zazikulu, Dong-A Ilbo ndi Chosun Ilbo, zinatsekedwa mu August 1940. Pamwamba pa zonsezi panali zinthu ziwiri zimene zinakhudza chikumbumtima mwachindunji: kukawerama ku kachisi wa Shinto, ndi kusintha dzina.

Kuti timvetse kulemera kwa chachiwirichi, tikumbukire kuti dzina la banja ku Korea lili ngati mfunda. Limanena za makolo ndi malo amene fuko linachokera, limalembedwa m'mabuku a mibadwo, ndipo mkazi akakwatiwa sataya la bambo wake. Lamulo la 1940 linafuna kuti nyumba iliyonse ikhale ndi dzina limodzi monga amachitira ku Japan. Papepala munthu anali ndi ufulu wosasankha dzina la Chijapani. Koma pasukulu, pantchito ndi pa mzere wolandirira chakudya ufulu umenewo unali wodula kwambiri.

Mnyamata wopanda dzina

Richard E. Kim anabadwira ku Hamhung m'chaka cha 1932, ndipo anamwalira m'chaka cha 2009. Buku lake lili ndi zigawo 7, ndipo wosimba nkhani ndi mnyamata wa m'banja la Chikhristu cha Presbyterian. Liyamba pamene makolo ake, mwanayo adakali wakhanda, akuwoloka mtsinje wa Tumen pa madzi oundana kupita ku Manchuria, bambo atangotuluka m'ndende chifukwa chotsutsa atsamunda. Litha mu August 1945. Kim ananena yekha kuti anthu ndi zochitika za m'bukumo n'zoona, koma kaumbidwe kake n'ka nthano. Chinthu choyamba chimene wowerenga watcheru adzaona n'chakuti dzina la Chikoreya la mnyamatayo silitchulidwa paliponse. Dzina lokhalo limene timamva ndi lachilendo lija. Motero wolemba watichititsa kulawa chimene akusimba: ifenso talandidwa dzina la mwanayo.

Chigawo chimene chinapatsa buku mutu wake ndicho mtima wa zonse. Mwana abwezedwa kusukulu chifukwa alibe dzina latsopano. Bambo ake avala zovala za makolo, namanga kansalu kakuda pamkono ngati wopita kumaliro, ndipo amutenga kupita naye kupolisi kukaima pamzere m'chisanu. Dzina limene asankha ndi Iwamoto, kutanthauza maziko a thanthwe. Wapolisi angoona dzina labwino la Chijapani. Bambo akuganiza za thanthwe lija limene Ambuye analonjeza kumangapo Mpingo wawo. Pambuyo pake agogo, bambo ndi mwana apita kumanda kukapepesa kwa makolo, napeza anthu ena ambiri akulira pa mitumbira ya kwawo. Kumeneko bambo aulula kwa mwana wake kuti ali ndi manyazi, ndi kuti mbadwo wa ana udzayenera kukhululukira mbadwo wa makolo.

Katswiri wa mbiri angadandaule kuti Kim wapanikiza m'tsiku limodzi zinthu zimene zinatenga miyezi 6, pakuti m'masabata oyamba anthu olembetsa anali ochepa, ndipo anachuluka pamene boma linaumitsa dzanja. Dandaulo limeneli n'loona, koma silikhudza phindu la bukuli. Aristotle anaphunzitsa kale kuti mlakatuli amayandikira nzeru zakuya koposa wolemba mbiri, popeza wolemba mbiri amanena chimene chinachitikira munthu wakutiwakuti, pamene mlakatuli amaonetsa chimene munthu wotere angachite pa zinthu zotere. Tsiku limodzi la Kim likutionetsa kapangidwe ka ntchito yonseyo: kukakamizidwa, kugonja, kubisa tanthauzo m'dzina, ndi kulapa. Ndipo kubisa tanthauzoko sikopeka, pakuti mabanja ambiri anasunga chilembo cha dzina lawo lakale mkati mwa latsopano, kotero kuti a Kim ena anasanduka a Kaneda kapena a Kanemoto.

Ntchito imodzi, mitima iwiri

Pano m'pofunika kuima pang'ono. Aristotle yemweyo, pofotokoza za ufulu wa munthu, anapereka chitsanzo cha mwini ngalawa amene ataya katundu m'nyanja pa nthawi ya namondwe. Palibe wamugwira dzanja, ndiye kuti wachita yekha. Komabe palibe munthu wanzeru amene angasankhe kutaya chuma chake kukadapanda namondweyo. Ntchito yotere ndi yosakanizika: ili ndi kufuna ndi kusafuna pamodzi. Mbiri ya Korea itipatsa anthu awiri odziwika amene aonetsa kutalika kwa mtunda umene uli mkati mwa ntchito imodzi. Yi Kwang-su, mlembi wamkulu wa nthano amene pa unyamata wake analemba nawo chikalata chofuna ufulu ku Tokyo m'chaka cha 1919, anatenga dzina loti Kayama Mitsuro, nalimbikitsa poyera anzake kuti atsate njira yomweyo. Mlakatuli Yun Dong-ju anatenga dzina loti Hiranuma m'chaka cha 1942 kuti apeze mapepala okaphunzirira ku Japan. Anapitiriza kulemba m'Chikoreya, anamangidwa, nafera m'ndende ya ku Fukuoka mu February 1945. M'kaundula wa boma anthu awiriwa ali pamzere umodzi. Pamaso pa chikumbumtima satero ayi.

Malembo Oyera nawonso adziwa vuto limeneli, ndipo salithetsa ndi yankho limodzi. M'buku lachiwiri la Mafumu, Naamani atachira apempha kuti akhululukidwe pamene adzawerama m'nyumba ya Rimoni pochirikiza mbuye wake, ndipo Elisa amulola kupita mwamtendere. M'buku lachiwiri la Amakabeo, nkhalamba Eleazara akana ngakhale kunamizira chabe kuti akudya nyama yoletsedwa, poopa kusokeretsa achinyamata, ndipo afa. Ubwino wa Kim ndi wakuti bambo wa m'nthano yake sali Naamani chabe, salinso Eleazara. Wachita monga Naamani, koma akudziweruza ndi muyeso wa Eleazara: akudziwa kuti mwana akuona. N'chifukwa chake amutenga mwanayo kupolisi ndi kumanda, kuti kugonjako kusabisike ndi mawu okometsera. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Bamboyu alandira nkhonya ya manyazi pamaso pa mwana wake, ndipo pochita zimenezi apulumutsa chinthu chimene atsamunda ankafuna kupha, ndicho kuzindikira kuti chachitikachi n'choipa.

Atatu a ku Osaka

Pachinko ndi buku lalikulu, lotsata mibadwo inayi kuyambira 1910 mpaka 1989. Sunja, mwana wa eni nyumba yogona alendo pa chilumba cha Yeongdo pafupi ndi Busan, atenga pathupi pa Koh Hansu, wamalonda a nsomba amene ali kale ndi mkazi ku Japan. Mbusa wachinyamata wodwala chifuwa chachikulu, Baek Isak, atasinkhasinkha za mneneri Hoseya, amukwatira napatsa mwanayo dzina lake. Apita ku Osaka, kudera la Akoreya osauka lotchedwa Ikaino. Onani kuti nkhaniyi nayonso yamangidwa pa dzina. Koma pano dzina ndi mphatso imene munthu apereka mwaufulu kuti aphimbe manyazi a mnzake, pamene boma likupereka dzina pofuna kuchititsa manyazi.

Chigawo chimene chikutikhudza ndi cha m'chaka cha 1939. Akhristu akakamizidwa kukasonkhana ku kachisi wa Shinto. Mbusa wamkulu, Yoo, waphunzitsa nkhosa zake kuti kuweramako ndi mwambo wa dziko chabe, monga boma likunenera, osati chipembedzo. Koma Hu, mnyamata wosamalira tchalitchi, agwidwa akunong'ona pemphero la Atate Athu pa nthawi ya mwambowo, ndipo atafunsidwa sabisa. Amangidwa onse atatu: Hu, Yoo ndi Isak. Awiri afera m'ndende. Isak amasulidwa patapita zaka zoposa ziwiri, atatheratu, kuti akafere kunyumba. Lee waona bwino chinthu chimodzi chowawa: nzeru za Yoo sizinamupulumutse. Wofuna kugonjetsa mitima sakhuta ndi bondo lopindika, amayang'ananso milomo.

Nkhaniyi yatsamira pa zoona. Msonkhano waukulu wa Mpingo wa Presbyterian wa ku Korea, umene unachitikira ku Pyongyang mu September 1938 apolisi atadzaza m'nyumbamo, unavomereza kuti kupita ku kachisi si kupembedza. Ena anakana: sukulu ya Soongsil inatsekedwa chaka chomwecho, ndipo mbusa Chu Ki-chol anafera m'ndende mu April 1944. Ife Akatolika sitingawerenge zimenezi ngati nkhani ya eni ake. Pa 26 May 1936 nthambi ya ku Roma yoona za kufalitsa chikhulupiriro inatulutsa malangizo olola Akatolika a mu ufumu wa Japan kukhala nawo pa miyambo ya ku makachisi a boma, potsamira pa mawu a boma lenilenilo akuti miyamboyo ndi yosonyeza kukonda dziko basi. Mfundo ya mbusa Yoo ndi yomweyo imene Roma anatsata.

Kodi mfundoyo inali yolakwa? Kusiyanitsa ulemu wopita kwa wolamulira ndi chipembedzo chopita kwa Mulungu ndi chiphunzitso chakale ndiponso cholondola. Komatu Thomas Aquinas Woyera amatikumbutsa kuti poweruza ntchito ya munthu tiyang'ane chochitidwacho, cholinga chake, ndiponso zozungulira ntchitoyo. Funso lakuti mwambo ndi wa chipembedzo kapena wa dziko linali lokwanira kwa Mkatolika wa ku Nagasaki, pakuti dzikolo linali lakedi. Kwa Mkatolika wa ku Seoul, wokwera phiri la Namsan kupita ku kachisi wamkulu amene atsamunda anamanga m'chaka cha 1925, yankho lakuti "ndi za dziko chabe" silinachotse vuto. Ndilo linali vutolo. Dziko lake liti? Kuwerama kumeneko kunali kuvomera ndi thupi kuti Korea kulibe, kuti makolo ake ndi a Mfumu ya Japan, kuti kulandidwa kuja kunali chilungamo. Lamulo loyamba mwina linatetezedwa, koma lachinayi ndi lachisanu n'chitatu anaiwalika. Apa m'pamene nthano zaposa zikalata za akatswiri: chikalata chinafunsa za tanthauzo la mwambo, nthano yafunsa za munthu amene akuweramayo.

Mlandu suola. Mwa anthu 33 amene anasaina chikalata cha ufulu cha 1 March 1919 munalibe Mkatolika ngakhale mmodzi, pakuti maepiskopi a nthawiyo, amene anali amishoni ochokera ku France, analetsa Akhristu awo kulowa m'zimenezo. M'chaka cha 2019, pokumbukira kuti patha zaka 100, mtsogoleri wa bungwe la maepiskopi a ku Korea, Ambuye Hyginus Kim Hee-joong, anavomera poyera ndi chisoni kuti Mpingo unatsekereza ana ake pa nkhani ya ufulu, ndi kuti pambuyo pake unawalimbikitsa kupita ku makachisi ndi kuthandiza nkhondo ya atsamunda. Ulendo wa kumanda uja, umene bambo wa m'nthano ya Kim anayenda tsiku lomwelo, Mpingo unauyenda patapita mibadwo.

Pamene mabukuwa aperewera

Kuyamika kopanda kudzudzula si kusanthula. Chofooka cha Kim ndi chakuti amakonda kwambiri anthu ake. Bambo uja ndi mwini munda wa maapulo, wophunzira, wolemekezeka m'tauni monse, ndipo ngakhale apolisi amamuopa. Kugonja kwake kuli ndi ulemerero umene mlimi wobwereka munda sakadakhala nawo. Mlimiyo analibe vesi lobisa m'dzina, ndipo mwina analandira dzina lililonse limene kalaliki anamulembera. Za iye timva zochepa. Ndiponso m'chigawo chotsiriza mnyamata wa zaka 13 akupereka nzeru kwa akuluakulu za m'mene angalandire ulamuliro m'manja mwa apolisi, ndipo pamenepo mawu a munthu wamkulu amene akulemba amveka koposa mawu a mwana.

Chofooka cha Lee ndi cha mtundu wina. Amadziwa bwino msika ndi khitchini: Sunja akugulitsa kimchi pafupi ndi siteshoni ya sitima, akuwerenga timakobiri, akukonza chakudya chopita kundende osadziwa ngati chifika kwa mwamuna wake. Masamba amenewa ndi amoyo, ndipo akubwezera akazi malo amene mbiri imawamana. Koma pakhomo la ndende wolemba aima. Isak, amene anawerama ndi kumangidwa chifukwa cha kulimba mtima kwa wina, ndiye munthu amene chikumbumtima chake tikadafuna kuchimva. Kodi anakwiyira Hu, kapena anamusirira? Kodi anadziona ngati wofera chikhulupiriro, kapena ngati munthu wogwa m'ngozi? Bukuli silitilowetsa m'chipindamo. Lithamangira mibadwo yotsatira, ndipo chikhulupiriro cha Isak chitsala ngati kukoma mtima chabe, osati ngati nkhondo ya m'kati.

Komabe kuthamangako kuli ndi mphotho yake, pakuti kukutionetsa chimene Kim sakadationetsa, popeza buku lake litha pa tsiku la ufulu. Utsamunda unatha pa 15 August 1945, koma mwa Akoreya pafupifupi 2 miliyoni amene anali ku Japan, pafupifupi 600,000 anatsala komweko, ndipo m'chaka cha 1952 anachotseredwa unzika wa dzikolo. Noa, mwana woyamba wa Sunja, wanzeru ndi wakhama, afika mpaka pa yunivesite ya Waseda. Atadziwa kuti bambo wake womubereka ndi Hansu, munthu wa m'magulu a zigawenga, athawira ku Nagano, natenga dzina la Chijapani, nakwatira, nabereka ana osawauza kumene anachokera. Palibe wapolisi amene wamuimika pamzere. Tsiku limene mayi ake amupeza, adzipha. Mapanga awiri avumbwitsa; koma kwa Noa vuto n'lozama koposa mwambiwo, pakuti iye wakhulupirira bodza limene agogo ake ankangolipirira. Chimene chinali chovala chokakamizidwa m'chaka cha 1940 chasanduka khungu.

Mawu otsiriza

Tikaika mabuku awiriwa pamodzi, chiphunzitso chake n'chimodzi. Munthu angathe kugonja ndi thupi mtima wake ukukana, ndipo amene sanaimepo pamzere wotere asafulumire kumuponya mwala. Koma kugonja kotere kumakhala kosaopsa pokhapokha ngati kukutchulidwa ndi dzina lake lenileni. Bambo wa Iwamoto anati ndi manyazi, navala nsalu ya maliro, ndipo mwana wake anakula akudziwa kuti iye ndani. Mbusa Yoo anati si kanthu, ndi mwambo chabe, ndipo mawu amenewo sanateteze munthu aliyense. Noa analibe womuuza kuti manyazi aja ndi a wolanda, si a wolandidwa. Choopsa chachikulu pa nthawi ya chitsenderezo si bondo limene lapindika, koma mphunzitsi amene atsimikizira anthu kuti silinapindike.

N'chifukwa chake ndiyesa kuti Lost Names, ngakhale n'lalifupi ndipo lili ndi zofooka zake, ndilo buku lakuya pa awiriwa, ndipo Pachinko ndi lotambalala. Wophunzira za chikhalidwe choyenera amene waloweza kusiyana kwa kuthandiza choipa mwadala ndi kuthandiza mokakamizidwa achita bwino kuwerenga onse awiri asanakhale pampando womvera kulapa. Malamulo amenewo ndi oona ndi ofunika. Koma wobwera kudzagwada adzakhala ndi nkhope, ndi ana, ndi manda a makolo ake, ndipo zimenezi ndi nthano imene imatiphunzitsa kuziona.